Tisanalembe munthu wosamalira makolo athu, tiyambe tawapimitsa

M'mabanja ambiri a kuno kwathu, nkhani ya chisamaliro cha makolo okalamba siikambidwa mpaka tsoka litagwa. Bambo aterereka kubafa n'kuthyoka chiuno, kapena mayi adzuka m'mawa pakamwa patapindika ndipo dzanja likukana kugwira kapu. Akatuluka m'chipatala, ana awo, ena ali ku Lilongwe, ena ku Johannesburg kapena ku Leeds, amaimbirana mafoni usiku wonse ndipo kawirikawiri amamanga mfundo imodzi yomweyo, yoti apeze mtsikana woti azikhala nawo. Mtsikanayo amapezeka kudzera mwa achibale kapena kutchalitchi, amauzidwa malipiro ake, amalandira makiyi ndi thumba la mankhwala, ndipo ana aja amapuma poganiza kuti udindo wawo aukwaniritsa. Maganizo anga ndi akuti mfundo imeneyi, ngakhale imachokera mu mtima wachikondi, imayambira kumapeto. Ndalama yoyamba iyenera kupita kwa munthu wodziwa kupima wodwala ndi kuphunzitsa omusamalira, ndipo funso la amene azigona m'nyumbamo libwere pambuyo pake, banja litadziwa ntchito yeniyeni imene munthuyo akukagwira.

Chifukwa chake n'chakuti ukalamba suvutitsa anthu mofanana. Pali agogo amene thupi lawo lili bwino koma maso achita ng'ala, moti akulephera kuphika ndi kuyenda okha. Agogo otere safunika munthu wowayang'anira zaka zisanu. Akufunika kuwatengera kuchipatala cha maso cha ku Nkhoma kapena cha Lions ku Blantyre, kumene opaleshoni ya ng'ala ndi ya nthawi yochepa ndipo ambiri amabwerera kwawo akuona. Pali ena amene agwidwa sitiroko, ena ali ndi shuga wofuna jakisoni tsiku ndi tsiku, ena ali ndi khansa imene yafika posachiritsika, ndipo ena mutu wayamba kuwasokonekera. Aliyense mwa amenewa akufunika katswiri wakewake. Banja likalemba munthu mmodzi wosaphunzira ntchito za chipatala n'kumusenzetsa zonsezi, limakhala likumulakwira iyeyo pamodzi ndi kholo limene akulisamalira.

Ndiyambe ndi sitiroko, chifukwa ndi imene ikugwetsa makolo athu ambiri. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo udachita mothandizana ndi bungwe la WHO m'chaka cha 2009 adapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu aliwonse m'Malawi ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka mwa iwo sankadziwa n'komwe. Munthu akagwidwa sitiroko, miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi yoyambirira ndi imene thupi limatha kubweza mphamvu zambiri ngati akuchita mafizo moyenera. Miyezi imeneyi ikatha munthu ali chigonere, mfundo za m'manja ndi m'miyendo zimauma, dzanja limafumbata, ndipo zomwe zikanatheka mwezi wachiwiri zimadzavuta chaka chikatha. Wosamalira wachifundo koma wosaphunzitsidwa amachita zimene mtima wake ukumuuza: amawadyetsa, amawaveka, amawanyamula, osawalola kugwira kalikonse. Katswiri wa mafizo amachita zosiyana ndi zimenezo. Amawauza bambo aja kuti agwire okha supuni ngakhale phala litayikire pamalaya, amawakhazika pamphepete pa bedi mapazi ali pansi, amaonetsa wosamalira mmene angawaimitsire popanda kuwakoka dzanja lofookalo, poti kukoka koteroko kumagulula phewa. Amaonanso ngati akumeza bwino, chifukwa munthu amene amatsamwa akamamwa madzi chakudya chimatha kumulowa m'mapapo n'kudwala chibayo, ndipo woteroyo sayenera kudyetsedwa ali chagada.

Akatswiri amenewa alipo m'dziko muno, ngakhale kuti ndi ochepa. Sukulu ya ukachenjede ya zaumoyo ya KUHeS imawaphunzitsa, zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba Central ndi Mzuzu Central zili ndi nthambi za mafizo, ndipo ku Blantyre kuli malo a Kachere amene ntchito yake ndi yomweyi. Wina anena kuti kulipira katswiri woti azibwera pakhomo n'kodula, ndipo akunena zoona. Koma katswiriyo safunika tsiku ndi tsiku kwa zaka. Akabwera kangapo m'miyezi yoyambirira n'kusiya ndondomeko imene wosamalira akuimvetsa, ndalamayo imagwira ntchito yoposa ya malipiro a chaka chathunthu a munthu amene akungowatembenuza ndi kuwasambitsa. Bambo amene aphunziranso kuyenda ndi ndodo mpaka kuchimbudzi asiyana kutali ndi bambo amene akhala akuvekedwa matewera moyo wawo wonse, ndipo kusiyanako kumaonekera pa ulemu wawo komanso pa thumba la ana awo.

Namwino ali ndi gawo lake, ndipo mabanja amene ali ndi kangachepe amalakwitsa mbali inayo, polemba namwino kuti azikhala pakhomo usana ndi usiku pamene ntchito yofuna namwino ndi ya ola limodzi. Zilonda zobwera chifukwa chogonera mbali imodzi, kapaipi ka mkodzo, jakisoni wa shuga, kutsuka bala la opaleshoni ndi kuona ngati mankhwala akugwirizana, izi ndiye za namwino. Chilonda cha pamsana chimayamba ngati kadontho kosintha mtundu pakhungu, pamwamba pa matako kapena pachidendene, ndipo pakhungu lakuda sikaoneka msanga kwa munthu amene sanauzidwe chofuna kuyang'ana. Pakangotha masabata ochepa kamasanduka dzenje lotulutsa mafinya. Namwino amene wabwera kawiri pa sabata amakagwira kadakali kakang'ono, ndipo amaphunzitsa wosamalira kutembenuza wodwala pakatha maola awiri aliwonse, kuyala nsalu yosakwinyika ndi kuika pilo pakati pa maondo. Amamuphunzitsanso kuti agogo a shuga akayamba kutuluka thukuta, kunjenjemera ndi kuyankhula zosamveka atabayidwa jakisoni osadya, asathamangire kuwagoneka koma awapatse madzi a shuga ngati akutha kumeza. Banja lili ndi ufulu wonse wofunsa namwino wofuna ntchitoyo chiphaso chake cha bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, monganso la Medical Council of Malawi kwa adokotala ndi a mafizo, ndipo namwino weniweni sakhumudwa nalo funso limenelo. Yunifomu yoyera yokha si umboni.

Pali chithandizo china chimene anthu ambiri amachiopa chifukwa amachiona ngati kugonja, ndicho chisamaliro chochepetsa ululu kwa odwala matenda osachiritsika. Mabanja amagulitsa ziweto ndi minda kuti ayendetse mayi awo kuchoka chipatala china kupita china, pamene madokotala ananena kale kuti khansa yafalikira, ndipo mayiwo amatha miyezi yawo yomaliza ali m'minibasi ndi pamizere, akubuula. Chipatala cha Tiyanjane ku Queen Elizabeth, malo a Ndi Moyo ku Salima amene adayambitsidwa ndi namwino Lucy Finch, ndiponso zipatala zambiri za maboma ndi za mipingo za pansi pa bungwe la CHAM zili ndi anthu ophunzitsidwa ntchito imeneyi. Amapereka mofini wakumwa, mankhwala amphamvu opha ululu amene kuzipatala za boma salipiritsa, amathandiza pa kusanza, kudzimbidwa ndi zilonda zonunkha, ndipo amakhala pansi ndi banja n'kulifotokozera zimene zikubwera. Sindiona kuti kusankha njira imeneyi ndi kutaya kholo. Mayi amene akugona tulo usiku, akudya pang'ono ndi kucheza ndi adzukulu awo pakhonde alandira chithandizo chachikulu kuposa amene akuyendetsedwa mtunda wautali kukamva zomwe anamva kale. Wantchito wapakhomo, ngakhale atakhala wokhulupirika chotani, sangathe kuchotsa ululu wa khansa ndi panado.

Nkhani yolemera koposa ndi ya matenda oiwalaiwala. Agogo akayamba kuiwala mayina a ana awo, kutuluka usiku kufuna kupita kumudzi kumene anabadwira, kuyankhula ndi anthu amene anamwalira kalekale, kapena kupezeka m'mawa ali pabwalo la eni ake osavala, m'midzi mwathu mawu oyamba kumveka amakhala a ufiti. Tonse tikukumbukira za ku Neno mu Januwale 2016, pamene okalamba anayi adaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo mphenzi itapha mtsikana, ndipo bungwe loona za ufulu wa okalamba la MANEPO lakhala likudandaula chaka ndi chaka za okalamba ophedwa ndi kuzunzidwa pa zifukwa zomwezi. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kuneneza munthu ufiti, ndipo m'chaka cha 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza okalamba, koma lamulo silikhala pakhomo usiku pamene khamu lasonkhana. Chimene chingateteze agogo otere ndi kuwapimitsa kwa a zaumoyo wa m'maganizo, kuchipatala cha boma, ku Zomba Mental kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, kuti vutolo lilembedwe m'kabuku ka kuchipatala ndipo banja likafotokozere mfumu, akuluakulu a mpingo ndi oyandikana nawo zinthu zisanafike poipa. Kupimitsako kuli ndi phindu linanso. Si kusokonezeka kulikonse kumene kuli kwa muyaya. Wokalamba amene dzulo anali bwinobwino koma lero sakuzindikira anthu akhoza kukhala ndi matenda a m'chikhodzodzo, malungo, chibayo kapena shuga wotsika, ndipo akalandira mankhwala mutu umabwerera m'malo mwake. Banja limene langonena kuti ndi ukalamba n'kulemba munthu wowalondera lataya mwayi wowachiritsa.

Tsono ndifike pa munthu wogona m'nyumba uja, poti sindikunena kuti ndi wosafunika. Iyeyu ndiye msana wa chisamaliro chonse, chifukwa namwino ndi wa mafizo akapita, ndiye amene amatsala ndi beseni, phala ndi zofunda zonyowa. Chimene ndikukana ndi kumulemba mwachimbulimbuli. Banja likadziwa vuto la kholo lake limadziwanso munthu womufuna. Bambo olemera thupi ofuna kunyamulidwa sangasamalidwe ndi mtsikana wa zaka 17, ndipo bambo ambiri a msinkhu umenewo salola kusambitsidwa ndi mkazi amene si mkazi wawo, moti amangokana kusamba n'kumanenedwa kuti ndi ovuta. Mayi oiwalaiwala amafuna munthu woleza mtima woyankhula chiyankhulo chawo, poti matendawa akakula munthu amabwerera ku Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe kapena Chisena cha ubwana wake. Wosamalirayo azikhalapo pamene namwino kapena wa mafizo akupereka malangizo, agwire yekha ntchitoyo katswiri akuona, ndipo apatsidwe kope lolembamo nthawi ya mankhwala, zimene agogo adya ndi nambala za BP. Makina opimira BP ndi shuga amapezeka m'mafamase a m'tauni ndipo munthu wodziwa kuwerenga amawaphunzira tsiku limodzi.

Tiyeneranso kuvomereza kuti kusamalira wokalamba ndi ntchito ina, kuphika ndi kuchapa za banja lonse ndi ntchito inanso. Pakhomo pambiri munthu mmodzi yemweyo amadzuka usiku katatu kukatembenuza agogo, m'mawa akolope, aperekeze ana kusukulu, aphikire alendo, ndipo akhale wopanda tsiku lopuma mwezi wonse. Munthu wotopa chotero amayamba kukalipa, kenako kukankha, ndipo ana a kutauni akamva amadabwa kuti nkhanza zachokera kuti. Lamulo la ntchito la dziko lino limakhudzanso antchito a m'nyumba pa nkhani ya malipiro ndi masiku opuma, ndipo kholo lathu silingasamalidwe mwaulemu ndi munthu amene ifeyo sitikumulemekeza. Chimodzimodzinso mlongo kapena mdzukulu amene watsala kumudzi n'kumagwira ntchitoyi. Ndalama zikabwera pa Mukuru kapena pa Airtel Money zimalembedwa kuti ndi za sopo, shuga ndi mankhwala, ndipo iye amene wasiya geni yake kapena munda wake sawerengeredwa kanthu, poti amati ndi mwana wa m'nyumba. Ndikuona kuti ameneyu ayenera kulandira malipiro otchulidwa poyera pamaso pa eni mbumba, komanso apezeredwe womulandira masiku ena. Zofuna kukaniratu ndi zotulutsa mdzukulu pasukulu kuti azikakhala ndi agogo, chizolowezi chimene chimagwera atsikana nthawi zambiri.

Funso lina limene limabwera ndi la malo: kodi tiwatenge akakhale nafe kutauni kapena tiwasiye kumudzi? Ana ambiri amaganiza kuti kutauni n'kwabwino chifukwa kuli magetsi, madzi a m'mipope ndi chipatala chapafupi, ndipo kwa kholo lofuna mafizo, kutsukidwa impso kapena kuonana ndi dokotala pafupipafupi, zimenezo n'zoona. Koma tisapeputse zimene wokalamba amasiya. Kumudzi amadziwika ndi dzina, amayi a Mvano kapena a Dorika amabwera kudzawaona, a kumphakati amawabweretsera Ukaristia, mlangizi wa zaumoyo amawadziwa, ndipo aliyense wodutsa pamsewu amapereka moni. Kutauni amatsekeredwa mu mpanda kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ali ndi wailesi yakanema ndi wantchito amene sakumudziwa. Kwa oiwalaiwala kusamuka kumawonjezera chisokonezo, chifukwa njira ya kuchimbudzi imene miyendo yawo inazolowera zaka makumi ambiri yasowa. Nthawi zambiri ndi bwino kupititsa chithandizo kumene kuli kholo: kukonza chimbudzi kuti chikhale ndi mpando ndi chogwirira, kugula matiresi ndi bedi lokwera pang'ono m'malo mwa mphasa, kuika nyale ya sola m'chipinda, ndi kugwirizana ndi wa kabaza wodalirika woti aziwatengera kuchipatala pa tsiku la BP ndi shuga. Ngati kusamuka kuli kofunika chifukwa cha mankhwala, kukhale kwa nthawi yodziwika, ndipo auzidwe zoona za tsiku lobwerera.

Nyumba zosungirako okalamba n'zochepa m'Malawi, ndipo zambiri mwa zimene zilipo ndi za mipingo ndi mabungwe achifundo, zolandira okalamba opanda abale kapena othamangitsidwa m'midzi. Abale athu amene ali ku Britain, ambiri a iwo akugwira ntchito m'nyumba zoterezi, amadziwa ubwino ndi kuipa kwake kuposa ife, ndipo ena amabwera ndi maganizo oti tiyambe kuzimanga kuno. Sindikutsutsa. Pali okalamba amene vuto lawo laposa mphamvu za banja, monga oiwalaiwala amene amasowa usiku uliwonse, kapena amene moyo wawo uli pachiswe m'mudzi mwawo, ndipo banja lowapititsa kumalo otetezeka siliyenera kunyozedwa. Koma nyumba yoteroyo isayesedwe ndi utoto wa makoma kapena maluwa a pabwalo. Pitaniko nthawi ya chakudya osanena kuti mukubwera, funsani kuti usiku pamakhala antchito angati, namwino amabwera liti, wodwala mwadzidzidzi amapita naye kuchipatala chiti ndipo pa galimoto yanji, ndipo onani ngati okhalamo akucheza kapena angokhazikidwa pamzere ali chete. Malo amene amaletsa achibale kufika nthawi imene afuna ndi oyenera kuwakayikira.

Ndikudziwa kuti owerenga ambiri anena kuti zonsezi ndi za anthu a ndalama, pamene okalamba ochuluka m'dziko muno sanagwirepo ntchito yolembedwa, alibe penshoni, ndipo Mtukula Pakhomo, amene adayambira ku Mchinji mu 2006, amafikira mabanja ochepa okha ndi ndalama yosakwana kulipira munthu. Chiyambireni kugwa kwa kwacha kwa mu Novembala 2023, ngakhale paketi ya matewera a akuluakulu yasanduka katundu wolemera kwa mphunzitsi kapena wapolisi. Koma mfundo yanga imagwira kwambiri kwa osauka kuposa kwa olemera, chifukwa wolemera akalakwitsa amalipiranso wina, pamene wosauka ali ndi mwayi umodzi wokha. Kupimitsa kuchipatala cha boma n'kwaulere, ndipo gadiyani amene wagona pansi m'wodi masabata awiri ali ndi mwayi wofunsa anamwino ndi a mafizo kuti amuonetse kagwiridwe ka ntchito asanatuluke. Dziko lino lili kale ndi luso la chisamaliro cha pakhomo, limene lidakula m'zaka zovuta za Edzi pamene anthu ongodzipereka a m'mipingo ndi m'midzi ankayenda khomo ndi khomo kusambitsa odwala. Ambiri a iwo akadalipo, ndipo boma likanachita bwino kuwaphunzitsa za ukalamba, kuwapatsa ziphaso ndi kuwalemba m'kaundula wa kuboma, kuti banja lofuna wosamalira lisamadalire mphekesera za kutchalitchi zokha.

Chotsalira ndi mwini nkhaniyo. Pa misonkhano ya banja, kaya ya pa WhatsApp kaya ya pansi pa mtengo, ana amakambirana za bambo awo ngati iwowo palibe, ndipo amene watumiza ndalama zambiri ndiye amakhala ndi mawu omaliza. Pokhapokha ngati mutu wasokonekeratu, kholo lifunsidwe kuti likufuna kukhala kuti, likufuna kusambitsidwa ndi ndani, ndipo ndalama zake za penshoni kapena za lendi azisunga ndani. Mafunso amenewa ndi osavuta kufunsa bambo akadali ndi mphamvu zokwera njinga kusiyana ndi pa tsiku limene lilime lawo lalemera. Pa tsiku lomwelo banja lisankhe mwana mmodzi woti aziyankhula ndi achipatala ndi kusunga kabuku, ligwirizane kuti aliyense azisonkha zingati ndiponso liti, ndipo liike nthawi, kaya ndi pakatha miyezi itatu iliyonse, yowatengeranso agogo kwa dokotala kuti aone ngati chithandizo chimene chinasankhidwa poyamba chikugwirizanabe ndi mmene thupi lawo lilili tsopano.